Vinyo wa a Gavinu

Buledi wopyapyala ngati pepala, wothetheka ukamuluma? Iii, umuuze Felista asamandifunse ngati akufunsa munthu wakutchire. Ndinamudya ine buledi ameneyo mayi ake asanabadwe, ine mabere asanamere n'komwe. Usaseke, Ireni, lemba pafoni pakopo. Ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usakonze, ukakonza mkulu wakoyo aziyesa alemba ndi aphunzitsi. Tandionetsanso chithunzi watumizacho. Sendeza pafupi, maso anga ndi awa. Eya, ndi yemweyo ndithu. Ndiye akuti chilumba akugwirako ntchitocho ndi Sadinya? Basitu ndi kwawo kwa a Gavinu kumeneko.

Munthu akangotchula a Gavinu, chimayamba kundifika ndi fungo, nkhope imabwera pambuyo. Fungo la utsi wa mkungudza, chifukwa ankatola tizidutswa timene ocheka matabwa ankataya potsika m'phiri n'kumayatsira uvuni wawo, uvuni woumba ndi dothi lapachulu, wozungulira ngati mphika wovundikira, ndipo utsi umenewo ukasakanizana ndi fungo la ufa wa tirigu ukupsa ndi fungo la mbuzi za m'khola mwawo, unkadutsa mpanda, kudutsa munda wathu wa chinangwa, n'kudzatipeza pakhonde ife tikusenda nandolo.

Anali mzungu, koma osati wa mabwana aja a kuesiteti ayi. Mzungu wamfupi, wopsa ndi dzuwa, zikhadabo zakuda ndi girizi, chifukwa ntchito yawo inali yokonza makina mufakitale ya tiyi. Momwe anafikira kuno sindikudziwa. Ena ankati inawabweretsa ndi nkhondo, ena ankati anatsika sitima ku Beira n'kumangoyenda. Chimene ndikudziwa n'chakuti azungu anzawo anasiya kuwaitana kumadyerero awo tsiku limene anakwatira mayi Esinala, Mlomwe mnzathu, msuweni wa amayi anga. Anabwera chikamwini m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Chitakale, n'kumanga nyumba ya njerwa moyandikana ndi ife. Ana sanaone.

Ndiye mayi Esinala anamwalira ine ndili kamtsikana kongoyamba kutunga madzi ndi ndowa yaikulu. Iwe ukudziwa mwambo wathu. Mkazi akamwalira, anthu akameta, mkamwini amamusudzula, amanyamula khasu lake ndi bulangete n'kubwerera kwa amayi ake. Nanga a Gavinu akanabwerera kuti? Kwawo ndi pakati pa nyanja yamchere, ndipo ankati amene ankawadziwa kumeneko onse anagona kale. Malo aja anali a mbumba ya mayi Esinala, woyang'anira mbumbayo anali mlongo wawo wamkulu, a Nampinga. A Nampinga sanawasudzule, komanso sanawauze kuti khalani. Anthu akawafunsa ankangoti, "Tiona." Chaka n'kutha, "Tiona." Munthu kukhala pakhomo pake ngati nkhuku yobwereka.

Ntchito anali atapuma. Tsiku lonse ankakhala okha. Tinkawamva akulankhula kuseri kwa mpanda, mawu okwera, ngati akukangana ndi munthu, ukasuzumira n'kupeza ndi mbuzi. Amayi ankawaseka, poti anali pachilamu.

"Alamu, mbuzizo zikuyankha zotani lero?"

"Zikuti mlamu wako ndi wamiseche," iwo ankatero, Chinyanja chawo chokhotakhota.

"Mwaziphunzitsa Chitaliyana, tsiku lina zidzakuthawani zipite kwanu."

"Si Chitaliyana ichi. N'chiyankhulo cha pachilumba pathu. Ngakhale Ataliyana sachimva. Kuno ochimva ndi ine ndi mbuzi basi."

Mbuzizo ankazikama. Mwamuna wamkulu ndevu zoyera atanjuta kumbuyo kwa mbuzi! Anthu ankaima panjira kuonerera. Mkakawo ankauumitsa mpaka ugwirane ngati sopo, n'kuupachika pamwamba pa utsi miyezi ndi miyezi. Ndi tchizi imeneyo, koma osati ya m'mapepala yomwe mumagula inuyo ku Chitakale. Yawo inkanunkha ngati nsapato za munthu wa ulendo. Ankati kwawo amakama nkhosa, ya mbuzi ndi yongotonthozera mtima.

Buledi uja ndiye ankamupanga chonchi. Akakanda ufa ankaupsinja ndi mpini wosalala mpaka upyapyale, thabwa lizioneka kunsi kwake, n'kuuponya muuvuni. Kanthu kaja kankafufuma nthawi yomweyo ngati chule wokwiya. Pamenepo ankakatulutsa msangamsanga, kukang'amba pakati ndi mpeni kukadali kotentha, tipepala tiwiri, n'kutibwezeranso pamoto kuti tiume. Ankati ndi buledi wa abusa, amapita naye kumapiri miyezi osaola. Koma zala ankapsa nazo nthawi zonse, wina n'kupserera muuvuni iwo akung'amba wina.

"Buledi uyu sapanga munthu mmodzi," ankatero akuuzira zala. "Kwathu amayi anga, azakhali, anansi, wina akupsinja, wina ali pamoto, wina akung'amba, pakamwa pali pa miseche. Ngati inu mukamasinja."

Akatha ankatiponyera pamwamba pa mpanda, atakulunga m'tsamba la nthochi. Tsiku lina anabwereka lichero la amayi. Amayi anayesa akufuna kupeta mpunga. Pokalitenga anawapeza akudula tizidutswa ta ufa wokanda n'kumatikanikiza ndi chala chachikulu pa lichero, kalikonse n'kumapindika kali ndi mizeremizere kumsana.

"Alamu! Lichero langa mwalisandutsa choumbira mbozi?"

"Inu mumadya mbozi zenizeni za m'mitengo, ine sindinakusekeni."

"Zathu zimakhala ndi mafuta. Zanuzi n'zaufa, zabodza."

Koma chimene chinkawadya mtima chinali mpesa. Anali ndi mpesa patsogolo pa khonde, woyanga pa mitengo yopingasa ngati thandala, anakautenga ku Milanje, kutsidya kwa malire ku Mozambiki, uli kamtengo kouma ngati ndodo. Masamba unkachita bwino, mthunzi wake wokoma. Vuto ndi lakuti kuno mphesa zimayamba kupsa nthawi yomwe mvula yagundika. Zinkangotupa, kuphulika, kuchita nkhungu. Zopulumuka zinkapita ndi mbalame, ndi anyani otsika m'phiri. Chaka chilichonse chimodzimodzi. Ankaima pakhonde manja m'chiuno akulalatira phiri.

"Kwathu mvula ili ndi ulemu. Mphesa zikamapsa imachoka, imapita kukayenda. Ya kunoyi ilibe mwambo."

Ndiye kunabwera chaka china mvula inagwa pang'ono n'kudula. Chimanga chinayamba kupota masamba, kutchalitchi tikupempherera mvula, amayi akuyang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa. A Gavinu okha ndiwo ankayenda akubisa mano, poti chimwemwe chinkawachititsa manyazi. Mphesa zinapsa, zakuda bii, zothinana. Anandipatsako kaphava kamodzi, lilime langa linasanduka ngati ndadya nyowe. Anazithyola zonse, kuzithira m'bafa lachitsulo, kukwinya buluku, kulowamo n'kuyamba kuponda.

Cholakwa chinali kukasamba kumtsinje. Amayi ochapa anaona mzungu akutsika, miyendo yofiira mpaka m'mawondo, madzi n'kusintha mtundu. Iwe Ireni, nkhani za anthu opopa magazi sizinayambe ndi inu ayi, ife tinazipeza. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Ine ndinkawauza anzanga kuti ndi zipatso, ndazidya, onani lilime, koma mawu a mwana ndi utsi.

Madzi a mphesa aja anawathira mu galafawu, botolo lija lalikulu lolukiridwa mlaza lomwe amabwera nalo a ku Mozambiki, n'kulilowetsa kunsi kwa bedi, kumdima. Silinadzaze n'komwe, linangopitirira pakati pang'ono. Miyezi inadutsa. Tinakolola tochepa tomwe tinapulumuka, kunayamba kuzizira. Ndiye tsiku lina anaitana amayi pampanda, ine ndili pomwepo.

"Mlamu, ndikufuna kuitana a Nampinga ndi akuluakulu. Kwathu munthu amene wamwa vinyo wako, wadya buledi wako, sakhalanso mlendo kwa iwe, iwenso sukhala mlendo kwa iye. Akamwa ndidzawapempha. Sindikufuna munda ine. Ndikufuna ndifere pano, andiike pafupi ndi Esinala."

Amayi anangoti, "Itanani, alamu. Ine ndidzathandiza kukhitchini."

Tsikulo a Gavinu anadzuka m'mamawa. Anapha kamwana ka nkhumba, kukabaya pa mtengo wosongola, koma sanakaike pamoto ngati timachitira ife. Anakaimika pambali pa makala n'kumakatembenuza pang'onopang'ono, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litapendeka, chikopa n'kufiira, kuuma, ukachigogoda ndi mpeni n'kumalira ngati chikho. Anakagoneka pa masamba a mandimu. Ankati kwawo kuli chitsamba chonunkhira chogonekapo nyama, kuno kulibe, mandimu angoimirira. Mbozi zawo zaufa zija anaziwiritsa, kuthira matimati okazinga, kupalira tchizi pamwamba. Buledi anamusanja mulu. Anatulutsa tebulo kuliika pansi pa mpesa n'kuyalapo chitenje cha mayi Esinala, chija ankapita nacho kutchalitchi. Iwo anavala jekete lakuda lonunkha m'bokosi.

Anaitana anthu ochepa. Koma kwathu kuno utsi wa nyama suitana munthu mmodzi. Anabwera a Nampinga, anabwera akuluakulu, anabweranso ena ongofuna kuona zomwe zinafiiritsa mtsinje zija. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pa njerwa. Amayi angapo anabwera kuseri kumene tinali ife. A Gavinu ataona khamulo anasangalala ngati mwana, kugwira aliyense chanza ndi manja awiri. Makapu awo sanakwane, tinathamangira kwathu kukatenga zikho ndi zitini.

Anatulutsa galafawu uja atamukumbatira ngati khanda. Anayamba kuthira, a Nampinga poyamba, kenako motsatana, aliyense pang'ono, akuyang'ana mzere wa anthu, akuyang'ana botolo, kuopa kuti wina angatsale. Womaliza anali mkulu wina wa njinga yemwe sanaitanidwe n'komwe. Anamugwedezera botolo mpaka dontho lomaliza. Atatero anabwerera pa tebulo, kuima, manja kumbuyo, nkhope yonse mano.

"Imwani, abale anga."

Palibe anakweza dzanja.

Apa ndiye umvetse, Ireni, ulembe bwino, chifukwa inu a masiku ano mumamwa za m'mabotolo zotsekedwa kufakitale. Amayi anga anali ofulula otheka, mowa wathu Alomwe, ndi umene unatilera bambo atamwalira. Anthu akasonkhana, chikho choyamba amayi ankagwada nacho pamaso pa onse, kumwa, kumeza anthu akuona pakhosi, kupukuta pakamwa, kenako n'kupereka. Ndiye kuti mowawu ulibe kanthu, ngati muli imfa iyambe ndi ine. Mowa wosalawa mwiniwake sumwedwa. Izi ngakhale mwana ankazidziwa. Koma sizinenedwa. Kumuuza munthu pakhomo pake kuti yambani mwalawa ndi chimodzimodzi kumuloza chala kuti ndinu mfiti. A Gavinu zaka zonsezo sanakhalepo pa bwalo la mowa, ndani akanaitana mzungu? Akanakhala moyo mayi Esinala, akanangotenga kapu mwakachetechete n'kumwa, nkhani n'kutha, amuna awo osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu.

Makapu anangokhala m'manja mwa anthu. Ntchentche zinayamba kuzungulira. A Nampinga anapendeketsa kapu yawo, kuyang'anamo.

"Ndi wofiira ndithu."

"Wofiira!" a Gavinu anatero monyadira. "Ndinaponda ndekha, ndi mapazi angawa."

"Ndi mapazi," wa njinga uja anatero chapansipansi. "Ndiye mankhwala a matekenya tapeza." Ena anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba.

A Nampinga sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anayesa kuwatsegulira khomo. Anakweza maso n'kufunsa mofatsa, "Alamu, nanga inu yanu ili kuti?"

Amayi pambali panga ndinawamva akukoka mpweya. Mwini vinyo akanangoti ndibwerekeni yanuyo ndinyowetse pakhosi, basi. Koma a Gavinu anagwedeza manja onse awiri.

"Ine ayi! Ine ayi, alamu. Yenseyu ndi wanu. Ine ngakhale dontho." Ananyamula galafawu kumuzondotsa kuti aone kuti mulibe kanthu, n'kutenga kapu yawo, kuivundikira pa tebulo. "Imwani inu. Chonde, imwani."

Munthu wadikira zaka zonse zija, wadzimana kuti alendo akwane, iwo akuona munthu amene akukana kumwa chimene wawathirira. Ndipo akamachonderera ndi pamene anthu ankaumira.

Amayi anadzuka. Anamanga chitenje n'kuponya phazi limodzi. Mayi wina wachikulire anawakoka nsalu.

"Ukupita kuti? Pakati pa amuna? Ukalawe ngati ndani, ngati mkazi wake? Amuna ako wawaika dzana lomweli."

Amayi anaima pomwepo. Anali wamasiye wa ana aang'ono, wodya za m'manja mwa amuna omwewo ankagula mowa wawo. Anakhalanso pansi.

A Nampinga anawerama, kuika kapu pansi pa benchi bwinobwino kuti isatayike, n'kudzuka. "Ndakumbukira, mbuzi ndazisiya zosamanga." Wina anati mwana akudwala. Wina anati dzino. Sanathamange ayi, ankachoka mmodzimmodzi, mwaulemu, aliyense akuwomba m'manja kutsanzika, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkapweteka. A Gavinu ankawatsatira mpaka pachipata.

"Nyama yapsa, bambo. Dikirani nyama. Buledi yekha, tengani buledi, mukapatse ana."

Amayi a kukhitchini aja nawonso anazemba kudzera m'chinangwa. Tinatsala amayi ndi ine, kuseri kwa uvuni. Pabwalo panali mabenchi opanda anthu, pansi pake makapu, zikho, zitini, chilichonse chili ndi vinyo wake.

A Gavinu anabwerera n'kukhala pa mpando. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chitenje chija. Kenako anadzuka, kung'amba tsamba la nthochi, kulipinda ngati fanulo, kulilowetsa pakamwa pa galafawu, n'kuyamba kutola makapu amodziamodzi. M'mene mwagwera ntchentche ankaivuula ndi kaudzu, n'kubwezera vinyo m'botolo. Kamvekedwe kake sindidzakaiwala, tchororo, tchororo, pabwalo ponse zii.

Atafika pa kapu ya a Nampinga, amayi anali atafika kale. Anaitola, kugwada monga ankachitira pa bwalo la mowa, kumwa, kumeza, kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kuipereka kwa a Gavinu ndi manja awiri.

A Gavinu anayang'ana kapu, kuyang'ana amayi, kuyang'ana kapu yawo yovundikira ija. Ndinaona nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Ndi chimenechi basi?"

"Ndi chimenechi, alamu."

"Mwini ayambe?"

"Mwini ayambe."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Sizinenedwa. Inenso ndimayesa Esinala anakuuzani."

Analandira kapu ija. Anainunkhiza, kutseka maso, kumwa pang'ono, n'kusunga m'kamwa osameza. Ife tikudikira. Atameza anatsegula maso n'kunena chapansipansi, "Si ameneyu."

"Mwati bwanji?"

"Si ameneyu, mlamu. Wa kwathu ndi wolemera, wakuda, ukamwa umamva dzuwa la pamiyala likutsika pachifuwa. Uyu ndi madzi a bwemba."

"Ine ndimayesa ndi momwe amakomera," amayi anatero. "Ndinangolimba mtima, mano onse achita dzanzi."

A Gavinu anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, mpaka kuseka kuja kunasanduka china, amayi n'kuyang'ana kumbali kuwapatsa ulemu. Atapukuta m'maso anakoka mipando iwiri. Amayi anati ife tikhala pansi, iwo anakana, anati lero ayi. Ndi tsiku loyamba ine kukhala pa mpando wa patebulo, miyendo ikulendewera. Buledi uja anamuwaza timadzi, kumuthira mafuta ndi mchere, n'kundiikira nyama pamwamba. Tinadya anthu atatu chakudya cha mudzi wonse. Mbozi zaufa zija zinali zokoma, ndisaname. Tchizi ndiye ndinailavulira m'dzanja.

M'mawa mwake amayi anapita kwa a Nampinga kukafotokoza kuti munthu uja sankadziwa, vinyo anamuthera pothira alendo, ine ndamwa, ndili pano. A Nampinga anati, "Wamwa iwe? Tione mwezi uthe." Mwezi unatha amayi ali gwa. Koma pamenepo n'kuti manyazi atalowa. Ndani akanapita kukanena kuti tinakuyesani opopa magazi? Ndiponso panalibe vinyo wina woti akonzere mlandu. Wotsala uja anasanduka viniga, mvula inabwerera m'nyengo yake, mphesa zinayambanso kuola.

A Gavinu palibe anawathamangitsa. Anthu anangosiya kudutsa njira ya pakhomo pawo, osati chifukwa cha mantha tsopano, koma kuopa kukumana nawo maso. Njira inamera udzu. Uvuni anasiya kuyatsa, mbuzi anayamba kugulitsa imodziimodzi. Amayi ankawapititsira chakudya, iwo ankalandira, kuthokoza, koma zachilamu zija zinatha. Za manda zija sanakawapemphenso a Nampinga. A Gavinu anamwalira nthawi ya chiperoni, kuchipatala cha ku Mishoni, ine nditangotha msinkhu. Anthu anabwera kumaliro, ambiri ndithu, anaimba bwino. Koma pokumba, adzukulu anafunsa kuti tikumbe pati, ndipo panalibe amene anauzidwa kanthu ndi mwini mbumba. Anawaika kumphepete, kumene timaika alendo ndi anthu odutsa, pafupi ndi mabulugamu. Mayi Esinala ali pakati, ndi abale awo. Ukaima pa manda a mmodzi, a mnzake suwaona.

Wati chiyani? Ayi, sindikulira, ndi utsi wa mbaulayi. Lemba.

Umuuze Felista kuti buledi wakeyo adye, asamuope, amuwaze timadzi akauma kwambiri. Umuuzenso kuti agogo ali bwino, miyendo yokha. Anzanga onse amene tinkacheza nawo Chilomwe anapita, wotsiriza tinamuika chaka chatha, moti masiku ano ndikafuna kuchiyankhula ndimayankhula ndi nkhuku. Dzulo ndinaphika kalongonda. Iwe unaona, kuyambira m'mawa, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka nkhuni zonse zinatha, poti ukamufulumizitsa amapha. Ndinaitana a pakhomo pano nonse. Ndinayamba kudya ndine, pamaso panu, kumeza mukuona. Mlongo wako anati wakhuta tchipisi ku Chitakale. Azakhali ako anati anamva kuti nyemba zimenezi zinapengetsa munthu ku Muloza. Iwe unati ukubwera, ukukatchaja foni.

Ayi, usafufute, lemba momwemo. Sindikukudandaula, ndikungonena. Mphika uli apo, ndauvundikira.

Watha? Tumiza tsopano, netiweki isanathawe. Ukatumiza uike foniyo pansi ubwere udzakhale apa pamphasa. Sindikuti udye. Ungokhala, ine ndidye.